Mutu 5: Malasha Akana Kubwera

1. Zimene zinachitika

Lachiwiri pa 12 Malichi 2024, tsiku la tchuthi cha achinyamata, anyani anapha galu wa a Jairos Miti m'munda mwawo, m'mphepete mwa mtsinje wa Lupande ku Mnkhanya. Galuyo dzina lake anali Zakukhosi, ndipo anali atalondera mundawo zaka zisanu ndi ziwiri. A Jairos analumidwa dzanja lamanzere. Kagalu ka mwana wawo Misozi kanasowa tsiku lomwelo.

Anthu a m'mudzimo amati nkhaniyi inayamba ndi anyani. Zoona zake n'zakuti inayamba Loweruka, pansi pa mtengo wa mvunguti ku Nkwali, ndipo inayamba ndi homuweki.

2. Homuweki ya a Paskale

Misozi anali ndi zaka 15, ali giredi 8. Kagalu kake kanali kakuda bii kuyambira pamphuno mpaka kumchira, n'chifukwa chake anakatcha Malasha. Kanali ndi miyezi isanu.

Loweruka lililonse Misozi ankaika Malasha m'dengu, kumanga denguyo kumbuyo kwa njinga, n'kupalasa ulendo wa ku Nkwali. Kumeneko bungwe lina lobaya agalu katemera wa chiwewe linatsegula kalasi ya ana ndi tiagalu tawo. Mphunzitsi anali a Paskale, mkulu wa imvi amene kale ankayenda ndi agalu onunkhiza pa ntchito yolondera nyama.

Pa 9 Malichi, kalasi itatsala pang'ono kutha, a Paskale anauza anawo kuti akhale pansi.

"Sabata ino homuweki ndi liwu limodzi," anatero. "Liwulo ndi 'bwera'. Mumange galu pachingwe chachitali, mumusiye anunkhize zake. Kenako mutchule dzina lake ndipo munene 'bwera' kamodzi kokha. Akafika, kapenta m'kamwa, dzanja pakhosi, mawu okoma. Ndiye mumutaye apitenso. Muzichita zimenezi m'mawa ndi madzulo. Loweruka likubwerali ndidzachotsa chingwe, tione amene anagwira ntchito ndi amene ankangodya kapentayo yekha."

Ana anaseka. Mnyamata wina wovuta, dzina lake Clinton, anakweza dzanja.

"Nanga akaba nkhuku, a Paskale? Timuitane, timupatsenso kapenta wa ndiwo?"

A Paskale sanaseke.

"Wafunsa bwino, ngakhale wafunsa mwachipongwe. Tsegulani makutu nonse. Liwu limeneli ndi pangano. Ukauza galu kuti 'bwera', ukumulonjeza kuti kumene uli iwe kuli zabwino. Galu sadziwa kunama, ndiye akanamizidwa saiwala. Musamuitane kuti mumumenye. Musamuitane kuti wina amumenye. Ngati walakwa, muli ndi miyendo, nyamukani mupite kumene ali.

"Ena a inu makolo anu anatsika kuchokera kumtunda. Kumtundako galu akathawa amakakumana ndi mbuzi ya mnansi. Kuno kuchigwa amakakumana ndi nyani, nyalugwe, ng'ona, kapena waya wa msampha. Ine ndakwirira agalu ambiri ndi manja awa. Sanafe chifukwa chosowa mano. Anafa chifukwa mwiniwake anakuwa, iwo osacheuka. Galu wa m'chigwa muno amene samva 'bwera' sakalamba. Mukaliwononga liwuli, palibe sitolo yogulitsa lina."

Misozi anamva zonsezi. Malasha anali atagona pamapazi ake, akutafuna nsonga ya chitenje.

3. Galu wa sukulu

Homuweki inayamba bwino. Misozi anamasula chingwe cha buluu chimene amayi ake, a Agness, ankayanikapo zovala. Anapempha kapenta, tinsomba touma tija, wodzaza dzanja, namumanga pamfundo ya chitenje.

Lamlungu atachoka ku tchalitchi anapita kuseri kwa nkhokwe.

"Malasha, bwera!"

Kagaluko kanatukula mutu, n'kuthamanga makutu ali petupetu, mpaka kanadzigunda pamiyendo yake. Pofika Lolemba m'mawa, Malasha ankasiya ngakhale fupa akamva liwulo.

A Jairos ankaonera atakhala pachitsa, akunola nkhwangwa.

"Ha! Galu wa sukulu," ankatero. "Mwana wanga, umufunse ngati adzalemba mayeso a giredi 9 pamodzi ndi iwe. Kapenta amene tikusowa m'mbale akudya galu!"

Pambali pawo pankagona Zakukhosi, galu wofiira wodulidwa makutu, wa zipsera thupi lonse. A Jairos anamulera monga atate awo ankalerera agalu kumtunda: chakudya pang'ono, ndodo yambiri. Zakukhosi ankaopedwa mudzi wonse. Naye ankaopa munthu mmodzi yekha, ndipo a Jairos akatambasula dzanja ankabisa mutu.

Chaka chimenecho mvula inadula mu Febuluwale. Chimanga cha kumtunda kwa mudzi chinauma chisanabereke. Banja la a Miti linatsala ndi kamunda kamodzi ka m'mphepete mwa Lupande, kumene nthaka inali idakali ndi chinyezi. Pakhomo panali thadzi limodzi lokha, limene linali kufungatira mazira m'khitchini. A Jairos ankaliyang'ana thadzilo ngati ng'ombe.

4. Dzira

Lolemba masana, Misozi akuchokera ku sukulu, anapeza pabwalo pali makoko a mazira. Thadzi linali padenga la khitchini, likutetera. Malasha anali pansi pa nkhokwe, pakati penipeni pamene dzanja la munthu silifika, pakamwa pake pali chikasu.

A Jairos anali atagwada pafupi ndi nkhokweyo, thukuta lili kamukamu. Anali atayesa ndodo, anali atayesa miyala. Kagaluko kankangosunthira mbali ina.

Pamoto panali kapoto. M'kapotomo munali kuwira dzira limodzi, lokhalo limene linatsala.

"Wafika," anatero a Jairos, akuimirira. "Waona ntchito ya mwana wako wa sukulu? Muitane."

Misozi anayang'ana kapoto kaja. Anadziwa chimene dziralo linaphikidwira. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa mankhwala a galu wakuba mazira.

"Atate, a Paskale anati..."

"A Paskale ndi amene amakudyetsa? Tamvera, Misozi. Galu amene walawa dzira sasiya. Lero wadya athu, mawa akadya a kwa a Mateyo, mkuja a kwa abusa. Ndiye anthu sadzabwera kudzadandaula, ayi. Adzamuikira poizoni m'nyama, udzamupeza atauma kuseri kwa chimbudzi. Ine ndikumupulumutsa. Atate anga anachita zimenezi kwa agalu awo onse. Ine ndinachita kwa Zakukhosi ali kakang'ono ngati aka, ndipo taona, mpaka lero akaona dzira amalambalala. Kupweteka kwa tsiku limodzi kumaphunzitsa kuposa kapenta wa chaka chonse. Mwana wosalangidwa amakula ndi nyanga, galunso chimodzimodzi. Ine sandimvera, iwe amakumvera. Muitane."

A Agness anaima pakhomo la khitchini.

"A bambo ake a Misozi, kagaluko n'kakhanda. Dikirani katuluke kokha, mtima wanu utazizira."

"Inu khalani chete. Ndiwo za mwezi wamawa zili m'mimba mwa galu." Anatembenukiranso kwa mwana wawo. "Ukakana, ndikamugwira ndekha usiku, ndipo mawa ndikamupereka kwa anyamata osaka nguluwe. Sankha."

Misozi akanatha kukwawira yekha pansi pa nkhokwe n'kumutulutsa ndi manja. Akanatha kunena kuti ayi, n'kulandira mkwapulo iye mwini. Koma maso a atate ake anali ofiira, ndipo njira yachidule inali pakamwa pake.

Anagwada. Anamasula mfundo ya chitenje kuti fungo la kapenta limveke.

"Malasha," anatero ndi mawu okoma aja. "Bwera."

Kagaluko kanatuluka nthawi yomweyo, kakupukusa mchira. Kanadutsa pafupi ndi mapazi a a Jairos osawayang'ana, n'kudzaika mutu pamaondo a Misozi.

Dzanja la a Jairos linatsika pakhosi pake ngati kabawi. Anakapanikiza pakati pa miyendo yawo, nakakanula nsagwada ndi zala. Ndi dzanja linalo anavuula dzira ndi chiguduli, nalikankhira m'kamwa, n'kutseka pakamwapo ndi manja onse awiri.

Malasha sanathe kulira. Mawu ankatulukira m'mphuno. Miyendo yake inapalasa pansi mpaka fumbi linabuka, mkodzo unayenderera pa nsapato za a Jairos, maso anatuzuka. Nthawi yonseyo masowo anali pa Misozi.

Atamutaya, Malasha analavula dziralo pamodzi ndi khungu loyera la m'kamwa. Anathamanga mozungulira bwalo akukwechesa mphuno pansi, kenako anakagwera m'ngalande kuseri kwa bafa.

"Basi," anatero a Jairos, akupukuta manja. "Waphunzira."

Madzulo Misozi anamupititsira madzi ndi phala lozizira. Malasha ananyambita madzi pang'ono. Kapenta sanamukhudze.

5. Anyani

M'mawa mwake kunalibe sukulu. A Jairos anati onse apite kukalondera chimanga, chifukwa anyani anali ataonedwa kutsidya. A Agness anatsala pakhomo.

Misozi anamanga Malasha pachingwe cha buluu chija. Milomo ya kagaluko inali itatupa, dovu likutuluka. Kankayenda kumapeto kwenikweni kwa chingwe, kutali ndi anthu onse awiri.

Atafika kumunda, a Jairos anapita kumalire a kumtsinje kukakonza mpanda wa minga. Misozi anaima pansi pa nsanja yolonderapo, nati ayese homuweki.

"Malasha, bwera."

Kagaluko kanakhala pansi, n'kuyang'ana kumbali.

"Malasha, bwera. Bwera, iwe! Taona kapenta."

Kanabweza makutu kumbuyo, n'kuyamba kunjenjemera. Misozi anakoka chingwe. Malasha anakanirira ndi miyendo yonse inayi, khosi likutamuka, mpaka mtsikanayo analeka.

Dzuwa litapendeka, cha m'ma 15 koloko, kunamveka kukuwa kwa nyani mumtengo wa mchenja. Misozi anakwera pansanja kuti aone. Mapesi a kumapeto kwa munda anali kugwedezeka popanda mphepo.

"Atate! Anyani! Alowa kumusi!"

Anatola mtengo nayamba kumenya chitini chopachikidwa pansanjapo. Kuti amenye ndi manja awiri, anataya chingwe.

Zakukhosi anatuluka pamthunzi ngati muvi. Anyani aakazi ndi ana anabalalika, chimanga chili kukamwa ndi m'khwapa, kuthawira kumchenga wa mtsinje. Galuyo anawatsata akuuwa. Ndipo kumbuyo kwake, chingwe cha buluu chikukwekwereka m'mizere, kunali kuthamanga Malasha.

Aliyense wolima m'chigwa amadziwa kuti nyani akathawa galu sikuti wagonja. Amamukokera kutali ndi anthu.

"Zakukhosi! Bwerera!" anakuwa a Jairos, akuthamanga ndi nkhwangwa. "Zakukhosi, iwe!"

Galuyo sanacheuke.

Misozi anadumpha pansanja, nathamangira kugombe. Malasha anali atafika pamchenga.

"Malasha! Bwera!"

Kagaluko kanaima. Kanatembenuka, mwendo umodzi uli m'mwamba. Kanayang'ana Misozi, kenako kanayang'ana a Jairos amene anali atafika pambali pa mtsikanayo, nkhwangwa ili m'manja. Kanapinda mchira pakati pa miyendo, n'kupitiriza kuthamanga kulondola Zakukhosi.

Pakati pa mtsinje, pamene panali mchenga wouma, anyani awiri aamuna anaima n'kutembenuka. Wamkuluyo anali ndi mapewa ngati a munthu. Anayasamula, mano ake aatali ngati chala anaonekera.

Zakukhosi anamulumphira pakhosi. Nyaniyo anamugwira ndi manja m'malere, namuluma pamimba, kenako namukankha ndi manja ndi miyendo mano adakali m'mnofu. Panamveka ngati nsalu ikung'ambika. Galuyo anagwa chagada, matumbo ali pamchenga. Anayesa kudzuka, napondapo matumbo ake omwe. Nyani wachiwiri anamugwira mwendo wakumbuyo n'kuuthyola.

Malasha anafika pamenepo akuuwa ndi mawu osasa. Nyani wamkulu anamumenya khofi limodzi, kagaluko n'kugubuduka. Kasanadzuke anakagwira pamsana, nakatukula, nakaluma pantchafu. Kulira kwake kunamveka mpaka kumunda kwa a Mateyo, oyandikana nawo.

A Jairos anafika akukuwa. Anaponya nkhwangwa, mpini wake unamenya nyaniyo paphewa. Nyani anataya Malasha n'kulumphira munthu. A Jairos anatchinga nkhope ndi dzanja lamanzere, mano analowa pachikhatho n'kutulukira kuseri. Onse awiri anagwa pamchenga. Misozi anatola mwala ndi manja awiri, namenya nyaniyo pamsana, kawiri, katatu, akulira ndi kukuwa. A Mateyo ndi ana awo anatulukira pagombe akumenya zitini.

Anyani anathawa. Anawoloka mtsinje, nakwera m'mitengo ya kutsidya, akukuwa ngati akutukwana.

Zakukhosi anali adakapuma. A Jairos anagwada pambali pake, magazi akuchucha m'zala zawo. Anatambasula dzanja lamanja kuti amusisite pamutu. Galuyo, ngakhale anali kufa, anabisa mutu.

A Jairos anabweza dzanjalo. Kenako anapempha a Mateyo kuti awatolere nkhwangwa ija, nauza Misozi kuti ayang'ane kumbali. Anamenya kamodzi.

Misozi atatembenuka, anafunsa, "Malasha ali kuti?"

Palibe amene anamuona.

6. Kutsidya

Pamchenga panali mzere wa chingwe chokwekwereka, ndi madontho a magazi m'mbali mwake. Mapazi anali atatu, wachinayi sunkaponda. Mzerewo sunabwerere kumunda. Unawoloka kamadzi kofika m'kakolo, n'kukwera gombe la kutsidya, kulowa m'zitsamba zowirira za minga.

A Mateyo anang'amba malaya awo namanga dzanja la a Jairos.

"Amwene, tiyeni ku kiliniki tsopano lino," anatero. "Mano a nyani si ocheza nawo. Mufunika jekeseni lero lomwe. Njinga ili pamunda."

"Ndamva," anayankha a Jairos. "Yambani mwanditengera njingayo."

Koma sanatsate a Mateyo. Anatsata mwana wawo, amene anali atawoloka kale.

Anaima pamphepete pa zitsambazo. Mkati munali mdima ngakhale dzuwa linali lisanalowe. Minga inali yolukana, njira zake zinali za nyama zokhazokha. Pansi panali ndowe za njovu za m'mawa womwewo.

"Khala chete," anatero a Jairos. "Tamvera."

Chapatali, mkatikati mwa zitsamba, kagalu kanali kulira. Kuliraku sikunkasuntha. Kunkachokera pamalo amodzi.

"Chingwe chakodwa," ananong'ona a Jairos. "Sangachoke pamenepo. Koma akapitiriza kulira, tikhoza kulondola mawu ake."

Misozi anaika manja pakamwa.

"Malasha! Bwera!"

Kulira kuja kunaleka.

Anadikira. Kunali zii, kupatula njiwa. Patapita nthawi, kuliraku kunayambanso, motsitsa.

"Malasha, ndine! Bwera!"

Kunalekanso.

Misozi anafuna kuitananso, koma atate ake anamugwira paphewa ndi dzanja labwinolo.

"Usamuitanenso. Ukamuitana akubisala." Maso awo anali pa zitsamba, osati pa mwana wawo. "Zakukhosi ndinamukuwira ndi mawu anga onse. Unamva iwe. Zaka zisanu ndi ziwiri akudya pakhomo panga, sanacheuke n'komwe."

Misozi anagwada nayamba kukwawira m'kanjira ka nyama. Minga inamugwira tsitsi ndi bulauzi. Asanalowe thupi lonse, kumanzere kwawo kunathyoka nthambi yaikulu. Kenako ina. Kunamveka kugunda kwapansipansi, konga kwa galimoto ili kutali.

A Jairos anamukoka mwendo n'kumutulutsa.

"Njovu. Zikutsikira kumadzi. Tiye!"

"Atate, ali pomwepa!"

"Zili ndi ana, sukumva? Ndataya galu lero, sinditaya mwana. Thamanga!"

Anawoloka akuthamanga. Atafika pagombe la kumunda anacheuka. Njovu yoyamba inali itatuluka pamalo pomwe iwo anaima, makutu ali tambasu, kamwana kali pansi pa mimba yake. Zina zinali kutuluka pambuyo pake, imodziimodzi, n'kuima pamchenga pakati pa munda ndi zitsamba zija.

A Mateyo anafika ndi njinga, nakweza a Jairos pakaliyala. Chiguduli cha padzanja chinali chitafiira chonse.

"Uuze amayi ako kuti ndapita ku kiliniki," anatero a Jairos. Njinga itayamba kuyenda anawonjeza, "Ndipo ufunse kwa a Mateyo aakazi ngati ali ndi nambala ya a Paskale ako aja."

Misozi anatsala pagombe ndi ana a a Mateyo. Mfundo ya kapenta inali idakali pachitenje chake. Sanaitanenso. Anangoima n'kumvetsera, ndipo patapita kanthawi kuliraku kunayambiranso, kumbuyo kwa njovu.

Pamene dzuwa linkalowa pa 12 Malichi, Malasha anali adakali moyo kutsidya kwa Lupande, ntchafu ili yong'ambika, chingwe cha buluu chili m'khosi. Malo enieni amene anakodwa panalibe amene ankawadziwa.